Mizere Imene Simukuiona

Pa tchuthi cha Khirisimasi chapitachi ndidapita kumudzi ndi magazini yathu ya teremu yoyamba, nditaikulunga bwinobwino m'pepala la pulasitiki kuopa mvula ya m'njira. M'menemo mudali nkhani yanga, yoyamba kusindikizidwa chibadwire changa, ndipo ulendo wonse m'minibasi ndinkangoganiza za nkhope ya amayi akadzaona dzina la mwana wawo lili m'buku. Nditawapatsa adayamba asamba kaye m'manja. Adatsegula tsamba limene ndidawalozera, naliyandikiza kumaso, nalitalikitsanso, kenaka adatuluka nalo pakhonde pamene padali kuwala. Patapita kanthawi adandiitana. "Mwanawe, dzina lako ndaliona," adatero, "koma tizilembo take takhala ngati njere za mpiru. Kaitane mlongo wako adzandiwerengere."

Musaganize kuti amayi anga sadziwa kuwerenga. Ndiwo amene amawerenga Mawu a Mulungu kumphakati wa kwathu, ndipo makalata anga onse amayankha okha. Vuto lidali tsambalo. Nkhani yanga idafika mochedwa kwa akonzi, malo adali atatha, ndiye adangochepetsa zilembo zake mpaka idakwana pa theka la tsamba. Mizere yake inkayambira kumphepete kwenikweni kwa pepala n'kukathera pa timawaya tomangira magazini, moti ukafika kumapeto kwa mzere diso linkasokera pobwerera, n'kuwerenga mzere womwewo kawiri. Mlongo wanga adawerenga ndithu, amayi n'kuyamikira, koma ine nsima ya usiku umenewo sidanditsike bwino.

N'chifukwa chake pamene Bambo Mlangizi wa magazini adafunsa pa msonkhano woyamba wa teremu yachiwiri kuti ndani akufuna ntchito yoyala masamba, ndidakweza dzanja ndisanaganize n'komwe. Palibe amene adalimbirana nane. Anzanga amakonda kukhala mkonzi wamkulu kapena wolemba za masewero, chifukwa mayina awo amaoneka. Woyala masamba ndi munthu amene amasowa kubwalo la mpira Loweruka masana ndipo palibe amazindikira kuti wasowa.

Ndiulule kuti poyamba ndidafuna kudutsa chidule. M'laibulale yathu muli mulu wa magazini akale a Chingerezi ochokera kunja, a mapepala oterera. Ndidasankha yokongola kuposa onse, ndidatenga rula n'kuyeza tsamba lake. Nkhani zake zidali m'madanga anayi. Ndikati danga ndikunena chigawo cha mawu chotsika kuchokera pamwamba pa tsamba mpaka pansi, monga muonera m'Baibulo momwe tsamba lililonse lili ndi madanga awiri. Ndidakopera zonsezo pa tsamba lathu la A4: madanga anayi, lililonse mamilimita 41 m'lifupi, ndi kampata ka mamilimita 5 pakati pake. Ndidathiramo nkhani ya mnzanga wina yokamba za ulendo wa kwaya yathu. Ukaliona uli patali, tsambalo linkaoneka ngati lochokera ku Ulaya. Ndidalisindikiza n'kupita nalo kwa Bambo Mlangizi ndikuyenda ngati tambala.

Iwo sadanene kuti n'labwino kapena n'loipa. Adangoti, "Taima apo uwerenge mokweza, monga umawerengera m'tchalitchi."

Ndime yoyamba isanathe ndidali nditapunthwa kanayi. Bambo sadaseke, koma ndidaona kuti akuvutika kudziletsa.

Chimene chidachitika ndi ichi. Danga la mamilimita 41 limatenga zilembo pafupifupi 26 pamzere. Kwa Chingerezi zimenezo zimatheka, chifukwa chidadzaza ndi timawu ta zilembo ziwiri kapena zitatu timene timalowa pena paliponse ngati usipa m'dengu. Chichewa chathu sichili choncho. Ife timamanga wochita, nthawi, wochitiridwa ndi ntchito yomwe m'liwu limodzi. Tatengani liwu loti "ndidzakufotokozeraninso": lili ndi zilembo 23, ndiye kuti lokhalo latsala pang'ono kudzaza mzere wonse. Kompyuta ikakumana ndi liwu lotere imachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mwina imalikankhira lonse kumzere wotsatira, n'kusiya mawu awiri okha pamzere wapamwamba, lina kumanzere lina kumanja ngati anthu oyambana. Mipata imeneyo ikalumikizana kutsika ndi tsamba imaoneka ngati njira za mbewa m'munda. Apo ayi imalidula liwulo, koma potsata malamulo a Chingerezi. Pa tsamba langa lija "mphunzitsi" adasanduka "mphun-zitsi", ndipo "pang'ono" adasanduka "pan-g'ono". Mwana wa Sitandade 2 amadziwa kuti phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, mphu-nzi-tsi, pa-ng'o-no. Ine wa Fomu 3 ndidanyamula tsamba lotere kupita nalo kwa wansembe ndikunyadira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bambo adandiuza kuti ndikhale pansi, nandifunsa, "Kwanu pofuna kudzala chimanga mumayamba ndi chiyani?"

"Ndi mbewu, Bambo."

"Taganiza bwino."

Ndidakumbukira malume anga akuyenda m'munda m'mwezi wa Okutobala, mvula ili kutali, atanyamula chingwe ndi zikhomo. Amayeza masentimita 75 kuchokera pa mzere wina kufika pa unzake, ndipo podzala amasiya masentimita 25 pakati pa mapando, mbewu imodzi paphando, monga alangizi a zaulimi adaphunzitsira pa kadzalidwe ka Sasakawa. Chimanga chikakula chingwe chija sichioneka, chidapachikidwa kale m'nkhokwe, koma aliyense wodutsa pamsewu amadziwa kuti m'munda umu mudadutsa chingwe.

"Chingwe chimenecho osindikiza mabuku amachitcha grid," adatero Bambo. "Ndi mizere imene umayamba wajambula nkhani zisanabwere, yosonyeza pamene mawu adzayambire ndi pamene adzalekezere. Siisindikizidwa. Iwe sudalakwe kufuna chingwe. Udalakwa kubwereka chingwe cha mtedza n'kukadzalira chimanga."

Madzulo amenewo adandionetsa zithunzi pa kompyuta yawo, ndipo ndidadabwa kuona kuti ntchito imene ndinkaiyesa yonyozekayi ndi yakale chotere, ndiponso kuti Mpingo udaigwira zaka mazanamazana. Makina osindikizira asanabwere, amonke a ku Ulaya ankalemba Malembo Oyera pamanja, pa zikopa. Asanaviike cholembera mu inki ankayamba aboola timabowo ting'onoting'ono m'mphepete mwa chikopa ndi kachitsulo kosongoka, kenaka n'kulumikiza timabowoto ndi mizere yongokanda, yosaoneka bwino. Pa chithunzi china timabowoto tinkaonekabe, titandandalikana ngati mapazi a nyerere. Munthu adatiboola zaka mazana ambiri zapitazo, dzina lake silidziwika, koma dzanja lake lidali lowongoka kuposa langa. Johannes Gutenberg atasindikiza Baibulo lake la Chilatini mumzinda wa Mainz cha m'ma 1455, adatsata maonekedwe omwewo a mabuku apamanja: madanga awiri pa tsamba, ndipo pafupifupi masamba onse ali ndi mizere 42, moti mpaka lero limadziwika ndi dzina loti Baibulo la mizere 42. Ngakhale mipukutu ya m'Chipangano Chakale idali ndi madanga. Bambo adandiuza kuti nditsegule mutu 36 wa buku la Yeremiya, pamene mfumu Yehoyakimu ankadula mpukutu wa mneneri ndi mpeni n'kumaponya pamoto nthawi iliyonse wowerenga akatha madanga angapo. Ndidalakwa kukafotokozera anzanga nkhani imeneyi, monga mumve kutsogoloku.

Amene adasandutsa zimenezi kukhala phunziro la masamu ndi akatswiri a ku Switzerland a m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Mmodzi wa iwo, Josef Müller-Brockmann, adatulutsa buku mu 1981 lotchedwa Grid Systems in Graphic Design. Ine bukulo sindidaligwirepo, ndidangoona zithunzi za masamba ake odzaza ndi timabokosi. Chimene ndidatolapo n'chakuti tsamba ungathe kuligawa m'tizigawo tofanana, ndipo chilichonse choikidwapo, kaya ndi nkhani, chithunzi kapena mutu, chizitenga tizigawo tathunthu, osati kachigawo ndi theka.

Tsopano ndidayambiranso, koma ulendo uno sindidayambire pa tsamba. Ndidayambira pa maso a munthu wowerenga. Kukula kwa zilembo amakuyeza ndi mapointi. Mapointi 72 amapanga inchi imodzi, imene ndi mamilimita 25.4. Nkhani yanga ija imene idagonjetsa amayi idali pa mapointi 8. Ndidasindikiza ndime imodzi kanayi, pa mapointi 9, 10, 11 ndi 12, n'kupita nayo kukhitchini kwa agogo amene amatiphikira, chifukwa msinkhu wawo ndi wa makolo athu ambiri. Adapukuta m'manja pa epuloni yawo nayang'ana mapepala onse anayi. Pa 9 adapukusa mutu. Pa 10 adawerenga akutsinzinira. Pa 11 adawerenga mpaka kumapeto, kenaka n'kundifunsa kuti nkhaniyo idatha bwanji. Pamenepo ndidadziwa kuti 11 ndiye wathu. Pa 12 pakadakhala pabwino koposa, koma thumba la magazini silikadalola.

Kenaka utali wa mzere. Robert Bringhurst, m'buku lake la 1992 lonena za kayalidwe ka zilembo, adalangiza kuti mzere wabwino kuwerenga ukhale ndi zilembo za pakati pa 45 ndi 75. Ukafupika kwambiri mawu amadukaduka, monga lidachitira tsamba langa la madanga anayi. Ukatalika kwambiri diso limasokera, monga zidachitikira pakhonde la kwathu. Ndidali nditalawa matenda onse awiri. Nditayesa ndidapeza kuti pa mapointi 11, mzere wa mamilimita 85 umatenga zilembo pafupifupi 50, ndiye kuti mawu a Chichewa asanu ndi awiri kapena kuyandikira pamenepo. Liwu lalitali likabwera limapeza anzake pamzere, silikhala lokha.

Apa m'pamene masamu amene ndinkadana nawo adandibwezera ulemu. Tsamba la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Ndidasiya mamilimita 20 kumbali ya m'kati, kumene kumapindidwa ndi kumangidwa, ndi 15 kumbali yakunja, kumene chala chachikulu chimagwira. Otsala ndi 175. Ndidakhala masiku awiri pa nthawi ya sitade ndikugawa 175 m'njira zosiyanasiyana kumbuyo kwa kope la Jogalafe, mpaka ndidapeza yankho limene lidandichititsa kufuula, woyang'anira sitade n'kundilemba dzina. Mukagawa 175 m'tizigawo tisanu ndi kamodzi ta mamilimita 25, ndi timipata tisanu ta mamilimita 5 pakati pake, zimakwana ndendende popanda chotsala. Tizigawo titatu pamodzi ndi timipata take tiwiri timapanga danga la mamilimita 85, choncho tsamba limakhala ndi madanga awiri. Amenewa ndi a nkhani zazitali za Chichewa. Tizigawo tiwiri timapanga danga la mamilimita 55, ndipo otere amakwana atatu pa tsamba. Amenewa ndi a zotsatira za mpira, mayina a opambana mayeso, zilengezo ndi nthabwala. Mukhozanso kuphatikiza tinayi kukhala 115 n'kusiya tiwiri pambali, pamene mukufuna chithunzi chachikulu ndi mawu ochepa ochifotokoza. Chingwe n'chimodzi, koma chimalola masamba amitundu itatu, ndipo onse amaoneka kuti ndi a banja limodzi.

Kuchokera pamwamba kutsika pansi ndidasiya mamilimita 20 kumwamba ndi 25 kunsi, kumene kumakhala nambala ya tsamba. Pakati padatsala 252. Kuchokera pa mzere wina kufika pa unzake ndidaika mapointi 14, ndipo mizere yotere imakwana 51 m'danga limodzi. Ndidalamula kuti mzere uliwonse m'magazini yonse uzikhala pa imodzi mwa mizere 51 imeneyi, ndipo chithunzi chizitalika mizere yathunthu, kaya 12 kaya 20. Anzanga ankati uku n'kuwonjeza. Koma tatengani tsamba lino muliyang'anitse kudzuwa. Pepala lathu ndi lopyapyala, ndipo zolembedwa kuseri zimaonekera. Ngati mizere ya kuseri igwera ndendende kumbuyo kwa mizere ya kuno, mipata ya pakati imakhala yoyera. Ikapanda kutero tsamba lonse limaoneka lotuwa ngati malaya ochapira madzi a m'chithaphwi.

Za kudula mawu ndidangoiletsa kompyuta. M'madanga atatu aja mizere imangothera pamene yathera, mbali ya kumanja siilingana, ndipo palibe liwu lodulidwa. M'madanga awiri Bambo Mlangizi adakana zimenezo. Iwo adakulira pa mabuku a mizere yolingana mbali zonse ndipo adati nkhani yaulemu iyenera kuvala bwino. Ndidagonja, koma zotsatira zake n'zakuti liwu lililonse lodulidwa m'magazini ino ndidalidula ndekha ndi dzanja, phatikizo ndi phatikizo. Magetsi akazima ntchito ya ola lathunthu inkapita ngati sindidasunge, ndipo kawiri konse sindidasunge.

Padatsala chinthu chimodzi chimene palibe adandichenjeza. Magazini yathu siisindikizidwa tsamba limodzilimodzi. Imasindikizidwa pa mapepala a A3, amene ukawapinda pakati amapereka A4 awiri. (Mapepala a mtundu wa A adayambira ku Germany mu 1922, ndipo adawakonza mwakuti ukapinda pakati maonekedwe ake sasintha. Gawani 297 ndi 210 mupeza 1.414, nambala imene a Fomu 3 aizindikira msanga.) Pepala limodzi lopinda limapereka masamba anayi, choncho magazini ingathe kukhala ndi masamba 20, 24 kapena 28, koma osati 25 kapena 26. Ndidatenga mapepala asanu ndi limodzi otha ntchito, ndidawapinda pamodzi, ndidalemba manambala kuyambira 1 mpaka 24, kenaka n'kuwamasula. Tsamba 1 lidapezeka pa pepala limodzi moyandikana ndi 24, tsamba 2 ndi 23, tsamba 3 ndi 22. Awiri oyandikana nthawi zonse amapanga 25. Ndi masamba 12 ndi 13 okha amene ali oyandikana pa pepala komanso powerenga. Kumeneko kokha n'kumene chithunzi chingadutse pakati popanda kuopa kuti mutu wa munthu udzakhala pamwamba, mapewa ake pansi.

Ndiye ndidawerengetsa. Mizere 51 kawiri ndi 102. Mawu asanu ndi awiri pamzere ndiye kuti pafupifupi 700 pa tsamba lopanda chithunzi, ndipo ukachotsa mutu ndi chithunzi chimodzi amatsala ngati 550. Nditaphatikiza nkhani zonse zimene akonzi adavomereza zidafuna masamba 27. Ndalama zimene zidalipo zidali za masamba 24. Kuti tifike pa 28 pankafunika pepala lachisanu ndi chiwiri m'magazini iliyonse, ndipo timasindikiza 300. Bambo Msungichuma adamvetsera pempho lathu mwaulemu wonse, natiperekeza mpaka pakhomo.

Pamenepa m'pamene mizere ija idasiya kukhala masewera a rula. Mkulu wina wa Fomu 4, munthu amene ndimamulemekeza ndipo adandithandiza Chilatini ndili Fomu 1, adalemba nkhani yabwino ya mawu 1,400. Malo ake adali masamba awiri, a mawu ngati 1,100 pamodzi ndi chithunzi. Adandipeza m'kachipinda ka kompyuta.

"Mphwanga, palibe vuto apa. Ingochepetsa zilembo pang'ono. Chaka chatha tinkatero."

"Achimwene, sindingathe."

"Sungathe kapena sukufuna? Batani lake si ili?"

Adanena zoona, batani lidalipo, ndipo kulidina kukadatenga kamphindi. Ndidayesa kufotokoza za agogo a kukhitchini ndi za amayi, koma mawu ankandithawa, chifukwa si chapafupi wa Fomu 3 kukaniza wa Fomu 4 pa seminale. Adachoka osatsazika. Pofika chakudya chamadzulo holo yonse inkanditcha Yehoyakimu, wodula mipukutu ya aneneri, ndipo dzinali landikanirira mpaka lero. Sabata yathunthu sitidalankhulane. Kunena zoona ndidatsala pang'ono kugonja Lachinayi lake, pamene ndidamuona akudutsa osandiyang'ana pochokera ku Misa. Chidandigwira mtima n'chakuti ndikadamuchepetsera iye, sindikadatha kukaniza wina aliyense, ndipo wotsiriza kubweretsa nkhani, amene kawirikawiri amakhala mwana wa Fomu 1 wamantha, ndiye akadalandiranso njere za mpiru. Loweruka adabwera yekha ndi pensulo yofiira. Tidakhala limodzi maola awiri, iye akudula ine ndikuwerenga mizere. Sadanene kuti ndidakhoza, ndipo ine sindinganene kuti mawu onse 300 amene adachotsa adali osafunika. Ndime ina yokamba za agogo ake idali yokoma, ndipo ndimaimvabe chisoni.

Choopsa chenicheni chidabwera pambuyo pake. Uthenga wa Bambo Rekitala, umene umakhala pa tsamba 3, udapitirira ndi mizere 11. Ndidathamangira kwa Bambo Mlangizi ndikuyembekeza kuti akalankhula ndi wansembe mnzawo. Iwo adangoti, "Chingwe n'chako. Pita." Ndidaima pakhomo pa ofesi ija nthawi yokwanira kunena Tikuoneni Maria katatu ndisanagogode.

"Pepani Bambo, uthenga wanu watalika ndi mizere 11."

Adavula magalasi nandiyang'ana. "Watalika malinga ndi ndani?"

Ndidayala patebulo pawo pepala langa la mizere, lija la pensulo, ndipo ndidafotokoza zonse kuyambira pa 175. Mawu ankanjenjemera. Adafunsa ngati a Fomu 4 nawonso adadulidwa, ndidati inde. Adafunsa ngati ine ndidadulidwa, ndidati nkhani yanga ndidaichotsamo yonse kuti masamba akwane. Adatenga cholembera, nafafaniza ndime yachitatu yathunthu osaiwerenganso kachiwiri, nati, "Anthu akhala akundiuza zimenezi za maulaliki anga kwa zaka zambiri, koma palibe adabwerapo ndi rula."

Sindikufuna kuti muganize kuti mizereyi idathetsa zonse. Pali malo amene ndidaiphwanya dala. Chithunzi cha a Fomu 4 onse ndidachiyala pa masamba 12 ndi 13, kudutsa timipata ndi malire omwe, chifukwa anthu 38 sangaoneke nkhope m'danga la mamilimita 85, ndipo makolo awo amagula magazini kuti aone nkhopezo. Palinso pamene ndidaitsata koma anthu n'kudandaula. Mnyamata wina wa Fomu 1 adalemba ndakatulo ya mizere 14 yolira mchemwali wake amene adamwalira teremu yoyamba. Ndidaiika m'tizigawo tinayi, n'kusiya tiwiri ta pambali popanda kanthu. Akonzi anzanga adati ndikuwononga malo pamene ena adadulidwa, ndipo adafuna kuikapo nthabwala ziwiri. Mlandu umenewu ndidaukana mpaka kwa Bambo Mlangizi. Mwina adali ndi mfundo pa za malo, koma sindidaone m'mene munthu angasekere kumanja akulira kumanzere. Palinso pamene ndidangolakwa: pa tsamba 17 mutu wa nkhani udatsalira pansi penipeni pa danga, nkhani yake n'kuyambira pamwamba pa danga linalo. Ndidaziona magazini 300 zitamangidwa kale.

Mnzanga wina wokonda kulalikira adandiuza kuti ndilembe kuti grid ili ngati belu la pa seminale, limene limatigawira tsiku kuti pemphero, sukulu, ntchito zamanja ndi mpira zonse zipeze malo. Ndalemba kuti asadandaule, koma fanizolo ndi lake. Ine belu la 5 koloko m'mawa sindidagwirizane nalobe.

Magazini muli nayo m'manjayi ndi yachiwiri kuyalidwa pa mizere imeneyi. Bambo Mlangizi adandiuza kuti ndilembe zonsezi kuti odzatenga ntchitoyi ine ndikadzalowa m'chaka cha mayeso asadzayambirenso pa madanga anayi. Adandipatsa masamba anayi, ndipo achimwene a Fomu 4 aja adadzipereka okha kuti awerenge mawu anga, ali ndi pensulo yofiira yomwe ija m'manja. Pepala la mizere ndalimata kuseri kwa chitseko cha kabati ya m'kachipinda ka kompyuta. Wodzabwerayo ali ndi ufulu wolisintha, koma ayambe wapita kaye kukhitchini ndi mapepala anayi.

Pa tchuthi cha Pasaka ndidapitanso kumudzi ndi magazini m'pepala la pulasitiki. Mudalibe nkhani yanga, dzina langa lidali m'tizilembo ta kumapeto pamodzi ndi a akonzi ena. Amayi adasambanso m'manja. Sadatuluke pakhonde, adakhala pamphasa m'nyumba momwemo, nayamba ndi uthenga wa Bambo Rekitala, chala chikuyenda pansi pa mzere. Adawerenga za kwaya, adadumpha za mpira, ndipo pa ndakatulo ya mwana wa Fomu 1 ija adakhalapo nthawi yaitali. Ine ndidali pakhomo ndikunamizira kukonza tcheni cha njinga. Atafika pa tsamba 17 adandiitana.

"Iwe, amene adaika mutu uwu pansi pano ndani? Nkhani yake ili kuti?"

Ndidati ndine, ndipo ndidawalozera pamwamba pa danga lachiwiri. Adapukusa mutu, nanyowetsa chala, napitiriza kuwerenga.